Diso pa Tayala la Bambo

Ndikatsinzina ndimaonabe tayala lakumbuyo la njinga ya bambo likugudubuzika m'fumbi lofiira la mseu wa ku Namwera. Pa tayalapo pali diso la munthu, limodzi lokha, lomwe likuti likatsika kukagunda dothi, likwerenso kudzandiyang'ana. Ndinali kamtsikana kosatha msinkhu. Lero zidzukulu zanga zimandiseka kuti agogo ngakhale madzi a mumtsuko mwawo amayamba awanunkhiza asanamwe. Zisiyeni ziseke. Sizinakwere njinga imene ndinakwera ine.

Kwathu kunali ku Nkopola. Bambo ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika, n'kukaugulitsa kumtunda komwe anthu amalima fodya koma ndiwo zimawasowa. Sankayenda okha, poti njinga ikathyokera patchire munthu wayekha sangaikonze akuyang'aniranso katundu. Ankayenda anayi: bambo, a Matiyasi omwe ankaimba nawo kwaya kutchalitchi kuyambira ali anyamata, Che Saidi, Msilamu wanthabwala yemwe kachisoti kake koyera kankanunkha utsi wa nsomba, ndi a Layitoni, msuweni wa amayi, omwe bambo ankawaitana kuti alamu. Chilimwe chimenecho azakhali anga a ku Namwera anabereka, natumiza uthenga woti ndikawalerere mwana. Ndi mmene ndinapezekera paulendo wa anthu aamuna.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo mwini dziko sitinkamutchula dzina mwachisawawa. Mpaka pano lilime langa limakana. Nkhope yake inali m'masitolo, m'masukulu ndi pa nsalu zomwe amayi onse ankavala pokamuvinira. Dera lathu linkakayikiridwa kuti limasunga oukira, choncho munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu amodzi amene wanena pamowa. Mmawa wonyamuka amayi anandipatsa nsalu yawo yakale ya nkhopeyo, yofuwa ndi sopo, atayipindapinda. "Ukaona mtengo atapingasa pamseu, uvale iyi," anatero. "Nkhope ikhale pachifuwa, osati kumatako. Pakamwapo utseke. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata." Pamlatho wa Shire nsaluyo inagwiradi ntchito. Anyamata a malaya ofiira, omwe ankafunsa makhadi a chipani, atandiona nditaifunda anati kamwana aka kaleredwa bwino, natapa usipa wodzaza manja awiri, n'kutikwezera mtengo.

Moyo wa panjira ndinaukonda, ndisaname. Tinkadzuka nkhuku zisanatsike, amuna aja n'kuyamba kutsina matayala ndi chala, kupopa, kumanganso madengu ndi linya, tija timizere ta mphira todula ku chubu chakutha. Ine ndinkakhala pamtanda wa njinga ya bambo, pa chiguduli chopinda, miyendo ikuchita dzanzi, chibwano cha bambo chikundigunda pamutu tikalowa m'maenje. Chilichonse chinkanunkha usipa: tsitsi, diresi, ngakhale madzi akumwa. Tikafika pamudzi Che Saidi ankaliza belu n'kufuula kuti, "Usipa wa lero, amayi! Wa dzana ndi womwewunso!" amayi n'kutuluka ndi mbale akuseka. Ntchito yanga inali kuingitsa nkhuku ndi ntchentche pamene akuthira milu, ndi kukapempha beseni la madzi chubu chikabooka. Ndinkachimiza pang'onopang'ono mpaka timathovu titaulula pomwe munga walasa, ndipo ndinkanyada kuposa mwana amene wapambana phada. Masana tinkabisala pansi pa mango n'kudya chinangwa chootcha ndi usipa wokazinga paphale, tonse mbale imodzi. Che Saidi akamaswali, Akhristu atatuwo ankakhala chete akumuyang'anira njinga. A Matiyasi ankaimba mluzu nyimbo za kutchalitchi tsiku lonse, pokwera ndi potsika pomwe. Tinkagona m'makhonde a masitolo, njinga zitamangidwa pamodzi. Mlendo akayandikira nkhani zinkaduka, n'kuyamba za mvula. Ine ndinkaganiza kuti zoopa zili kunja kokha, kuti anthu odyera mbale imodzi amakhalanso ndi mtima umodzi.

Zinasintha pa chitunda chachikulu chokwera kuchoka kuchigwa. Pamenepo palibe wopalasa. Aliyense ankakankha njinga yake mutu utawerama, miyala ikutentha mapazi, anyani atakhala pamatanthwe kutionerera. Titangofika pamwamba, tayala lakumbuyo la bambo, lomwe linali lakale ndithu, linang'ambika m'mbali, chubu n'kutuzuka ngati mchombo wa mwana. Mankhwala ake aliyense wa njinga amawadziwa: kuphwetsa mpweya, kukulunga pong'ambikapo mothinitsa, n'kupopanso. Koma linya lotsala linali litatha m'masiku am'mbuyomo, ndipo lomwe linalipo linali litagwira madengu. Malaya aliyense anali ndi amodzi. Madzi anali atatha, mudzi unali kutali. Bambo anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana kathumba kanga, momwe munali nsalu ya amayi ija. Anati angong'ambako m'mphepete, momwe muli mizere yokhayokha. Che Saidi anati, "Achimwene, nsalu imeneyo ndi yolemera kuposa dengu." Bambo anaseka, naluma m'mbali ndi mano, n'kukoka osaitambasula. Nsalu yakale imang'ambikira kumene yafuna. Anakulunga msangamsanga, thukuta likuwalowa m'maso, ndipo pofuna kupepuza tayalalo anandisamutsira pamtanda wa a Matiyasi, omwe ankabwera pambuyo pawo.

Ndi pamenepo ndinaliona. Poyamba ndinkayesa banga la girisi. Kenako ndinazindikira nsidze, ndi kachidutswa ka chipumi. Diso la mwini dziko linkatsika, kudya fumbi ndi ndowe za mbuzi, kukwera, kutsikanso. Sindinanene kanthu, poti amayi anati nditseke pakamwa, koma ndinamva mluzu wa a Matiyasi ukuduka pakati pa nyimbo. Mpweya wawo unasiya kundiwomba pamutu. Tinayenda choncho kamtunda ndithu asanalize belu, ndipo kamtunda kameneko ndakhala ndikukayeza mumtima moyo wanga wonse: ankaganiza chiyani? Onse ataima anazungulira tayalalo ngati manda. Bambo milomo inawayera. Kumasula sakanatha, poti popanda nsaluyo njinga sikanayenda, ndipo kukhala pamseu ndi chidutswacho m'manja kunali koopsanso kuposa. A Layitoni, popanda wowafunsa, anayang'ana mitengo n'kunena kuti, "Alamu, ine sindinaone kanthu." Che Saidi anagwada, napala girisi pa matcheni a njinga zonse, kusakaniza ndi fumbi ndi malovu, n'kumata pa disolo mpaka kuda bii. Ataimirira anapukuta manja paudzu nthawi yaitali, osaseka. Aliyense ankadziwa lamulo lomwe silinalembedwe paliponse: woona n'kukhala chete ndi wolakwa ngati wochitayo.

Nsalu yotsalayo, yong'ambika pakati pa nkhope, bambo anandimanga m'chiuno m'kati mwa diresi. Inkanditentha ngati khala. Tisanalowe pamsika wa Namwera tinapeza mtengo wina wopingasa. Mnyamata wa malaya ofiira anaona makhadi onse, kenako anapondetsa phazi lake pa tayala lomwelo, pamwamba penipeni pa chomatacho, n'kumafunsa mtengo wa usipa. Ndinkaona girisi akumatirira ku nsapato yake. Ndinkangoyang'ana pakamwa pa anzawo a bambo, mmodzimmodzi, kudikira yemwe atsegule. Palibe anatsegula. Mnyamatayo anatapa usipa, nati, "Madala, gulani tayala, musachititse manyazi dziko." Bambo anayankha kuti zikomo bwana, kwa mwana woti akanatha kumubereka.

Tsiku lomwelo anagula tayala, ndipo azakhali anaponya zidutswa zonse ziwiri m'chimbudzi chokumba. Madzulo amuna aja anadyanso mbale imodzi, koma panalibe nthabwala, panalibe mluzu, aliyense ankangoyang'ana dzanja lake. Mmawa anabwerera kunyanja, ine n'kutsala ndi khanda kumsana. Galimoto iliyonse ikadutsa pamseu ndinkathamangira kuseri kwa nkhokwe. Mvula inagwa, chimanga chinamera, ndipo mtima unayamba kutsika. Chimanga chisanamasule, uthenga unabwera woti bambo awatenga padoko ali kuyanika usipa. Owatengawo sanafunse za khadi. Anafunsa za tayala.

Bambo anabwerako patapita mvula ziwiri, khutu limodzi litagontha, mano akutsogolo palibe. Njinga sanaikwerenso, inachita dzimbiri padenga la khola. Ine ndinali nditabwerera ku Nkopola, ndipo nthawi yonse imene kunalibe, anzawo atatu aja sanatitaye. A Matiyasi ankabwera kudzapemphera nafe. Che Saidi ankabweretsa chambo n'kukana ndalama. A Layitoni anatifolerera nyumba. Amayi ankalandira zonse ndi manja awiri, n'kundituma kuti ndiwapatse madzi nditagwada, ndipo ine ndinkagwada ndikuyang'ana zala zawo ngati zikunjenjemera pogwira chikho. Zonse zinkanjenjemera. Kapena wokawanenera bambo anali amene anayamba kuona, nachita mantha kuti ena adzati anabisa. Kapena amene anamata girisi, poti dzanja lake linalowamo. Kapena amene anafulumira kukana asanafunsidwe. Nditakula ndinawafunsa bambo, mokuwa chifukwa cha khutu lija. Anangoti, "Bwenzi lako ndi la wina, mwanawe. Nawonso anali ndi ana." Sanatchule dzina mpaka imfa, ndipo pamaliro awo atatu onsewo analira misozi yeniyeni. Ndinaiona ndekha. Ndi chifukwa chake ngakhale misozi sindiikhulupirira.

Onse anapita tsopano, ndipo mseu uja anauthira phula. Nsalu za nkhope zilipo zamitundumitundu, anthu amapukutira mbale, kuberekera ana, palibe wowafunsa. Ndimakondwa kuti zidzukulu zanga sizidziwa kulemera kwake. Mdzukulu wanga wamkulu amayendetsa kabaza pa Chiponde, ndipo akamanyamuka ndi anzake ndimamumangira linya lambiri pansi pa chishalo, iye n'kumaseka kuti agogo masiku ano timagula chubu. Ndimamusiya aseke, kenako ndimatuluka kukaima pamseu. Iye amayesa ndikumutsazika. Ine ndimakhala ndikuona yemwe akupalasa pambuyo pake.