Dzira la m'Madzi la Abambo

Kwathu ku Milange mkazi wapakati sadya dzira. Amayi ankanena mosapita m'mbali kuti ukadya, mwana adzabadwa ndi dazi.

Mimba yanga yoyamba inandipeza titangobwerako kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Chilichonse chimene ndinkadya chinkabwerera, ndipo fungo la mafuta lokha linkandithamangitsira kuseri kwa nyumba. Ndinaonda mpaka abambo anayamba kuopa kuti ndipita padera.

Lamulungu lina amayi ali kutchalitchi, abambo anatereka madzi, nafinyiramo ndimu, n'kutakasa ndi supuni. Kenako anaswa dzira n'kulithira m'madzimo lopanda chikamba.

"Ababa, mukutaya dzira!" ndinatero.

"Khala chete, mwanawe. Ichi n'chakudya cha patarau, bwana wanga wakale."

Nkhondo isanayambe, abambo anali khukhi wa Mpwitikizi wina wa kuminda ya tiyi. Ankati bwanayo Lamulungu ankadzuka dzuwa litakwera, matsire ali tho, nthawi ya tiyi itapita koma ya nkhomaliro isanakwane. Ndiye ankamuikira mazira otere pabuledi, ndi kanyama ka nkhumba, pamwamba msuzi wa batala ndi ndimu. Nditafunsa kumene chakudyachi chinachokera, abambo anati bwanayo ankaloza kutsidya kwa nyanja yamchere. "Koma ine ndikuti anachiyambitsa ndi munthu wa matsire basi," anatero abambo.

Ife batala tikanamupeza kuti? Dzira langa linakhala pachinangwa chophika, ndi kamchere pang'ono. Ndinadya ndi mantha, ndikuyang'anayang'ana kunjira. Silinabwerere. Kuyambira pamenepo abambo ankadwala mwendo Lamulungu lililonse, ndipo amayi ankadandaula kuti nkhuku yathu yayamba ulesi.

Mwana anabadwa wonenepa, wolira mwamphamvu, koma mutu wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe. Amayi anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Bambo, mazira aja ankapita kuti?"

Abambo anangovula chipewa, n'kuweramitsa dazi lawo pafupi ndi mutu wa khandalo.

"Mayi, mwanayu watengera kwathu."

Lero mwanayo ali ndi ana akeake, ndipo tsitsi lake limathyola chipeso. Abambo anatisiya kalekale. Ndimawasowa kwambiri Lamulungu m'mawa. Ndimatereka madzi, ndimu ndimafinyira, koma dzira langa limangobalalika mumphika. Nthawi ija ndinkayang'ana kunjira, osati manja awo.