Mkuwa wa Anselme Perrachon

Anselme Perrachon ankameta anthu tsitsi ndi ndevu ku Croix-Rousse, kumtunda kwa mzinda wa Lyon. Sanali munthu woti n'kumutamanda kwambiri. Anali wouma mutu, ndipo lumo lake nthawi zina linkatema. Koma panali chinthu chimodzi chimene anachigwira osachitaya: majetoni, timakobidi takale tosagulira ngakhale buledi, timene antchito a mfumu ankalandira ngati mphatso.

Iye ankasaka makamaka a bwalo la ndalama, khoti lakale limene linkayesa ndalama za mfumu ndi kuweruza opanga zachinyengo. Loyamba analipeza m'chitini cha mabatani cha mayi ake. Ena ankawatola Lamlungu kwa ogulitsa zakale m'mbali mwa mtsinje wa Saône. Asiliva sakanawakwanitsa, choncho ake onse anali amkuwa. Munthu akakhala pampando wake, sopo ali kumaso, ankamva za oweruza amenewa afune asafune, mpaka kufika pamene makhotiwo anatsekedwa.

Nkhondo itabwera, Ajeremani atalowa m'dziko, mkuwa unasowa. Alimi a mphesa anauzidwa kuti wofuna mankhwala opopera ayambe wapereka mkuwa wakale, popeza mankhwalawo ankapangidwa ndi mkuwa. Tsiku lina masana kunatulukira Firmin, mchimwene wa Léonie, mkazi wa Anselme, kuchokera kuminda ya ku Beaujolais, atanyamula thumba lopanda kanthu.

"Alamu, mphesa zanga zikutha ndi matenda a masamba," anatero Firmin. "Mapoto onse ndapereka, ndi belu la ng'ombe lomwe. Akuti sikelo sinakwane."

"Ndiye mwabwera kudzameta?"

"Musandiseke. Ndikunena tizitsulo tanu tija."

"Tizitsulo!"

"Nanga n'chiyani? Mfumu tinaidula mutu kalekale, oweruza anuwo anawola. Inu mukulondera mabatani a anthu akufa, koma vinyo wanga mumamwa chaka ndi chaka osatsamwa."

Léonie, amene ankasesa tsitsi pansi, anaimika tsache. "Apa achimwene anena zoona, bambo. Vinyo yemweyo ndi amene timasinthitsa ndi mbatata. Mphesa zikafa tidya chiyani, nkhope za mafumu?"

Anselme anadziwa kuti sakunama. Munda uja ukafa, mabanja awiri agona ndi njala. Koma anali ataona ndi maso ake ziboliboli zikugwetsedwa m'mabwalo a mzinda, kupita kukasungunulidwa.

"Ajeremani atenga za m'mabwalo," anatero. "Mawa adzatiuza kuti kuno kunalibe kanthu iwo asanabwere. Mafumu sindiwalira ine, analira ndani? Koma majetoniwa anawasula anthu athu, ndipo m'ng'anjo salowa."

"Ndiye ndibwerere chimanjamanja?"

"Tadikirani."

Anatenga sipanala n'kulowa kuseri kwa katani. Kunamveka kugogoda, kenako madzi anayenderera pansi mpaka pakhomo. Anatuluka akukoka thanki yamkuwa yotenthetsera madzi, imene anaigula chaka chimene anakwatira. Pamwamba pake anaponyapo beseni lometera ndi mipope yomwe.

"Mwapenga kodi?" anakuwa Léonie. "Anthu muziwameta ndi chiyani?"

"Ndi lumo, mayi. Thanki sinametepo munthu."

Firmin anayesa kuinyamula, n'kuiikanso pansi. Inkalemera kuposa majetoni onse atawaunjika pamodzi. Sanathokoze. Anangoti, "Mlongo wanga anakwatiwa ndi chitsiru," n'kupita kukafuna ngolo.

Mphesa zinapopedwa, ndipo zambiri zinapulumuka. Koma nyengo yachisanu itafika, malasha ophikira okha anali ochepa, oti n'kutenthetsera madzi a ndevu panalibe. Ometetsa ambiri anasamukira kwa wometa wa kumunsi kwa phiri, ndipo ena sanabwererenso ngakhale nkhondo itatha. Léonie anakhala nthawi yaitali akulankhula naye za mchere ndi sopo zokha. Anselme sanapepese, ndipo sanagulitse jetoni ngakhale limodzi.

Anatsala ndi nkhalamba zochepa zoluka silika, zimene maondo awo sankalola kutsika masitepe a phiri lija. Mmawa wina imodzi inadumpha pampando, thovu lozizira litaikhudza patsaya.

"Iwe Perrachon, ukufuna kundipha? Madzi otentha aja anapita kuti?"

"Ali ku Beaujolais, bambo," anatero Anselme akunola lumo. "Mukafuna, kameteni komweko. Kwezani chibwano."