Alamu Anga Akuyimbira Masewero a Chikho

Ndili m'bwalo lodzaza, ndipo timu yathu ikubwereza masewero aja tinatuluka nawo m'chikho cha makalabu a mu Africa. Woyimbira ndi alamu anga, atavala jekete lawo la ukwati. Akangoliza wezulo, golo lathu likutamuka ngati mphira wa legeni, pomwe la alendo likufinyika mpaka kufanana ndi khomo la khola la nkhuku.

"Alamu, mukutani kodi?" ndikukuwa.

"Khalani pansi, alamu, zonse zili bwino," akutero, uku akutapa mtedza m'thumba la goloboyi wa alendo.

Ndikucheuka kuti anzanga aone, koma onse avala malaya a alendowo ndipo akundizemba maso.

Ndadzuka mtima ukukayika. Moni wa alamu m'mawa uno ndangouyankha ndi mutu.