Manja Otupa a Yamikani

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikugulitsa zitumbuwa pageti pa chipatala cha Mbulumbuzi. Fomu 4 ndinali nditakhoza, koma satifiketi inkangogona m'sutikesi pansi pa bedi. Namwino wina amene ankakonda zitumbuwa zanga, a Sisita Namaona, anandinong'oneza kuti anthu a kafukufuku akufuna atsikana odziwa kuwerenga komanso osaopa magazi. Ine magazi ndinkawaopa, nkhuku imene sindinkapha, koma umphawi ndinkauopa koposa. Ndinalembera, ananditenga, nandiika m'manja mwa a Sisita omwewo.

Kafukufukuyo anali wa matenda a sikoselo. Awa ndi matenda akumtundu: mwana amabadwa nawo ngati watengera kambewu kake kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Munthu wokhala ndi kambewu kamodzi sadwala, amalima n'kukalamba osadziwa kanthu. Koma mwana wotenga tiwiri magazi ake sayenda bwino m'mitsempha, amachepa pafupipafupi, ndipo malungo kapena chibayo zimamutenga msanga. Akadziwika akadali khanda amayamba kumwa penisilini tsiku lililonse, mankhwala oteteza malungo ndi owonjezera magazi, ndipo amakula.

Ntchito yanga inali pa sikelo ya ana. Ndinkafotokozera mayi, akavomera ndinkavala magolovesi, kupukuta kachidendene ka mwana ndi thonje la sipiriti, kubaya ndi kasingano kotchedwa lanseti, n'kudonthezera magazi m'timabwalo ta pa kapepala kapadera. Kakauma tinkakatumiza ku labu ku Blantyre. Makolo a mwana wopezeka nawo tinkawayeza pomwepo ndi kachipangizo kofanana ndi koyezera malungo. Apa mpamene a Sisita ankandikoka khutu. "Felesita, usadzalonjeze bambo aliyense kuti apezeka ndi kambewu. Mwana akakhala ndi matenda, bambo n'kupezeka alibe, ukudziwa tanthauzo lake. Magazi amayankha ndi zomwe sunawafunse."

Tsiku limene sindiliiwala linafika m'nyengo yothyola nandolo. Zotsatira za kamnyamata kena, Yamikani, zinasonyeza kuti kali ndi sikoselo, koma mayi ake, a Esinati, anali atasiya kubwera ku sikelo. A Sisita anandikweza kabaza kuti ndikawafunefune kumudzi kwawo.

Ndinapeza anthu atakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa, nkhope zonse zili ndwii. Ndinayesa maliro. Pambali panali njinga itamangidwa chikwama cha zovala, ndipo mwini wake, a Makwinja, bambo ake a mwanayo, anakhala okha pa njerwa atazolika. Yamikani anali pamiyendo pa mayi ake akulira mosasa mawu. Timanja ndi timapazi take tinali titatupa, tonyezimira, moti ukangokhudza pang'ono ankakuwa.

Kwathu kuno mwana akatupa chonchi akuluakulu amati ndi tsempho. Amati bambo wagona kunja mwana asanakhwime, ndiye wamusempha. Mankhwala ake alipo, koma amati sagwira mpaka wolakwayo atavomera ndi pakamwa pake. A Makwinja anali mkamwini pamudzipo, ndipo aka kanali kachiwiri. Mwana wawo woyamba, Tiyanjane, anatupa chimodzimodzi n'kumwalira asanayambe kuyenda. Nthawi imeneyo anakana mlandu. Tsopano ankhoswe anali atasonkhana, ndipo amalume a Esinati, omwe anali eni mbumba, anali atagamula: avomere, apo ayi akwere njinga azipita kwawo.

Sindikuwaweruza anthu amenewa. Anali ataika mwana m'manda, akuona wina akulowera komweko, ndipo ankagwira chimene ankachidziwa. Apongozi aakazi a Makwinja anagwada pamaso pa mkamwini wawo, chinthu chosachitika, misozi ili chuchuchu. "Bambo, ingovomerani mwanayu achire. Sitikunyozani ayi."

A Makwinja anadzutsa mutu. "Mulungu akundiona, sindinayendepo ine. Koma ngati kuvomera kungachiritse mwana wangayu, chabwino, ndivo..."

"Dikirani kaye!" Mawu anatuluka okha. Anthu onse anatembenukira kwa ine, kamtsikana kovala chipewa cha kafukufuku, kosapereka ndi moni womwe.

Lamulo lathu linali lakuti zotsatira timauza kholo pambali. Ndinapempha a Esinati kuti tipite kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawafotokozera zonse pang'onopang'ono. Nditagwira mwanayo thupi linali moto. A Esinati anandifunsa: "Ndiye mukuti kutupaku n'kwa magazi? Nanga Tiyanjane?" Ndinati Tiyanjane sitinamuyeze, sindinganene motsimikiza, koma matendawa amayamba choncho ndipo amatha kugwira ana angapo a mimba imodzi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tiyeni mukanene pagulu. Ine ndatopa."

Ndinagwada, n'kupepesa chifukwa cholowa nkhani ya eni, kenaka ndinanena. Amalume aja sanakondwe atamva kuti kambewu kamachokera mbali zonse ziwiri. "Iwe mwana, ukuti mtundu wathu uli ndi nthenda? Esinatiyu wadwalapo liti?" Ndinayankha kuti wonyamula kambewu sadwala, ndipo si tchimo la munthu, monga mmene sasankhira msinkhu wake. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: mlandu uime kaye, mwana apite kuchipatala lero lomwe, chifukwa kwa mwana wa sikoselo kutentha thupi sikudikira mawa.

A Makwinja anaimirira. "Ndiyezeni ine pompano, onse aone."

Kachipangizo ndinali nako m'chikwama. Koma bwanji kakanasonyeza kuti alibe? Ndikanachotsa mlandu pamutu pa mwamuna n'kuusenzetsa mkazi, pamaso pa mudzi wonse. Ndinakana. Ndinati kuyeza kumachitika kuchipatala, m'chipinda, munthu ndi namwino. Ena anang'ung'udza kuti ndikubisa kanthu. Amene anathetsa nkhani ndi apongozi aja. Anadzuka, namasula chikwama cha zovala panjinga, n'kuchiponya pakhonde. "Mukwezeni mkazi wanu ndi mwana. Zovalazi muzipeza."

Ku Mbulumbuzi a Sisita atangomuona mwana anamupatsa mankhwala oyamba n'kuitanitsa ambulansi ya ku Boma. Podikira, anafunsa a Esinati paokha ngati akufuna kuti iwo ndi amuna awo ayezedwe. Mayiwo sanaphethire n'komwe. "Yezani. Ine ndilibe chobisa." Ndinabaya chala cha mkazi, kenaka cha mwamuna, n'kuika tizipangizo tiwiri patebulo. Tinadikira mizere. Onse awiri anapezeka ndi kambewu.

Sindinaonepo munthu akulandira uthenga wotere ngati mphatso. A Makwinja anaseka, kenaka kusekako kunasanduka kulira, bambo wamkulu ndithu, mapewa akugwedezeka. Anati chimwalirireni Tiyanjane sanapondeko kumanda kwake, chifukwa pamaliro anthu ankamuloza ndi milomo. A Esinati anakhala akuyang'ana pansi. Kenaka analankhula motsitsa, ngati ife kulibe.

"Bambo a Tiya, nthawi yonseyi ndakhala ndikukuphikirani, kukuchapirani, mumtima ndikuti munthu uyu anandiphera mwana."

"Ndimadziwa," anatero mwamunayo. "Ndimaona mmene umaikira mbale."

Ine ndinatuluka panja, chifukwa misozi inali itandipambana.

Yamikani anagonekedwa ku Boma, anamuika magazi, natuluka. Sanachire, pakuti matendawa sachoka. Masiku ena amadwala ndithu, ndipo makolo ake anafunika kumva nkhani ina yowawa, yakuti mwana wina aliyense amene angabereke akhoza kubadwa nawo. Amalume aja sanabwere kudzavomereza kuti tinkanena zoona, koma mwezi wotsatira anatumiza ana onse aang'ono a mbumba yawo kuti tiwayeze.

Ntchito ija inandiphunzitsa kuti zotsatira za magazi sizifika pamudzi wopanda nkhani. Pofika iwe, anthu amakhala atapeza kale chifukwa chimene mwana akudwalira, ndipo kawirikawiri chifukwacho chimakhala munthu. Mpaka lero, ndisanatchule dzina la matenda, ndimayamba ndafunsa kuti kunyumba akuti chavuta n'chiyani, ndipo akuloza yani.

Kafukufuku atatha ndinakumana ndi a Makwinja pamsika wa ku Boma, Yamikani ali paphewa, atabwera kudzatenga mankhwala. Ndinawafunsa za kunyumba. Anati kuli bwino, ndipo Loweruka lapitalo iwo ndi akazi awo anapita limodzi kukalambula manda a Tiyanjane.