Nkhope ya achemwali pamphambano

Achemwali anga ankagulitsa mbatatesi ndi kabichi zochokera ku Tsangano, ine benchi langa la tomato lili pambali pawo. Tinafika mu Tete tili atsikana, makolo athu atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo tinakulira kudera la Nhartanda. Amuna awo atamwalira, achemwali anakayezetsa magazi, n'kupezeka ndi kachilombo. Anauza ine ndekha. Mankhwala ankamwa osadumphitsa, thupi linabwerera, ndipo mumsika monse munalibe wodziwa kanthu.

Chaka china kuchipatala kwathu kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza, ife timati projetu, ovala malaya ofanana, atanyamula matelefoni aakulu ngati mbale. Ankati aliyense wolandira mankhwala ajambulidwe nkhope, kuti makina azimuzindikira akabwera ndipo asamachedwe pamzere. Mkulu wawo anali bambo wina wa kwathu ku Angónia. Mudzi wa amayi ake timaudziwa, koma chilandirireni galimoto yoyera ya projetu, lilime lake linaiwala Chinyanja. Ankayenda ndi mtsikana womumasulira, ngati mzungu.

Bamboyo ataona achemwali pamzere, atavala kapulana, chitenje chathu kuno, yatsopano, anawaitanira panja pansi pa mtengo. Anawauza kudzera mwa mtsikana uja kuti anyamule botolo la mankhwala m'mwamba, amwetulire. Achemwali anafunsa ngati makinawo amafunanso kuona botolo. Anawayankha kuti inde. Madzulo anandifotokozera akuseka, amvekere makina a masiku ano amakonda mano.

Patapita miyezi, mayi wina wogulitsa nsomba zouma anabwera pabenchi langa n'kundinong'oneza kuti ndikaone pamphambano ya msewu wopita kumlatho. Ndinapita. Anali atapachikapo chinsalu cha chithunzi, chachikulu kuposa khoma la nyumba yathu. Achemwali anali pamenepo, botolo m'manja, mano onse panja, ndipo m'munsi munalembedwa m'Chipwitikizi kuti iwo ali ndi kachilombo koma amamwa mankhwala tsiku lililonse ndipo sachita manyazi. Mawu amenewo sanatulukepo pakamwa pawo. Aliyense wokwera minibasi za chapa kapena txopela, njinga zamoto za matayala atatu, ankadutsa pamenepo.

Mumsika anthu sanawanyoze poyera. Ankangofika, kuyang'ana kabichi, kuyang'ana iwo, n'kupitirira. Ena ankabwera kudzawapepesa ngati pamaliro. Chimene chinawapweteka kwambiri ndi mwana wawo wamkazi, amene anamva nkhaniyi kwa anzake kusukulu, osati kwa mayi ake. Anakhala masiku osawalankhula.

Tinapita limodzi ku ofesi ya projetu kudera la Josina Machel. Anatikhazika m'chipinda chozizira ngati mochare, mpaka bambo uja anatulukira atanunkhira mafuta, n'kutambasula manja ngati walandira abale. Analankhula Chipwitikizi chambiri. Ankati achemwali ndi ngwazi, chithunzi chawo chakondedwa mpaka kunja kwa dziko, ndipo chilimbikitsa ambiri kukayezetsa. Ankati manyazi ndiye mdani wamkulu wa matendawa. Achemwali anamusiya amalize, kenaka anamuyankha m'Chinyanja, mosakweza mawu.

"Bambo, ine Chipwitikizi chanu ndachimva. Tsopano mundiyankhe m'chilankhulo cha amayi anu. Munandipempha liti?"

Bamboyo anayang'ana mtsikana womasulira uja, koma mtsikanayo anangoweramitsa mutu. Ndiye Chinyanja chinabwerera, chosalala bwinobwino, cha kwathu ku Ulongwe chenicheni.

"Mayi, simunakane. Munamwetulira nokha."

"Munati ndi za makina."

Apa anayamba kufotokoza kuti zinthu zimenezi zimakonzedwa ndi akuluakulu ku Maputo, iye ndi wongotumidwa, ndipo kuchotsa chinsalu kumafuna chilolezo. Anatsegula kabati n'kutulutsa malaya awiri a projetu ndi chipewa, akuti mphatso yathu. Ndinamuyang'ana munthu uja, mimba itatsogola, wotchi ikunyezimira, akuphunzitsa mayi wamasiye za kulimba mtima. Iyeyo akanapezeka ndi chipere chokha, akanakalandira mankhwala kutali, atavala magalasi akuda. Malayawo tinawasiya pampando.

Achemwali anasiya kupita kuchipatala chija. Ankati sakufuna kuonanso telefoni ikuwaloza kumaso. Ndinawachonderera, ndinawakalipira, osatheka. Mankhwala atatha anangokhala, ndipo nyengo yotentha itafika anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Kapulana ankaizunguliza kawiri. Pamphambano paja anali akumwetulirabe, onenepa, akuuza mzinda wonse kuti sadumphitsa.

Anawapulumutsa ndi namwino wina wachikulire, Mnyungwe, amene anawasowa pamzere n'kubwera yekha kunyumba atavala zovala wamba, ngati mlendo wodzacheza. Sanawanyengerere ndi mawu okoma. Anati zimene zinachitikazo n'zauve, iyenso anadandaula kwa akuluakulu ake koma anamuuza kuti projetu ndiyo imabweretsa zipangizo, asaikhumudwitse. Kenaka anawakonzera zoti azikalandira mankhwala kuchipatala china kutsidya kwa mtsinje, kumene kunalibe owadziwa. Ndinkawaperekeza, tikudutsa pansi pa nkhope yawo yomwe, iwo atayang'ana kumbali.

Anachira pang'onopang'ono. Mwana wawo ndi amene anayamba kuwakumbutsa nthawi ya mankhwala, ndipo anagwirizananso osakambirana zambiri. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi.

Chinsalucho sanachichotse chifukwa cha ife. Projetu itatha, pamalopo anapachikapo chotsatsa mowa. Bambo uja tinamva kuti anakwezedwa, ndipo tsiku lina ndinamumva pa wailesi akulankhula za ulemu wa odwala ndi kusunga chinsinsi chawo. Ankalankhula modekha, mawu onona, ngati wansembe. Achemwali anali akusankha mbatatesi zoola m'thumba. Anamvetsera pang'ono, n'kundifunsa ngati galimoto ya ku Tsangano yafika, chifukwa kabichi anali atatsala mitu yochepa.