Dimba Lofika M'chiuno

A Fainess Tikhala, amene ndinayandikana nawo nyumba kuno kwa Changata, anathyola tiyi pa esiteti zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Anayamba ntchitoyo ali ndi mwana kumsana, ndipo amati mwanayo atatsika panakwera dengu, osatsikanso. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi kudzafuna ntchito yomweyo, mayi awo nawo anathyola tiyi, choncho iwo sanafunse n'komwe ngati kunja kuno kuli ntchito zina. Amuna awo, a Dickson, anali alonda pa fakitale ndipo anamwalira kalekale. Ana aamuna awiri anakwatira kutali. Wamkazi, Triza, ndi mphunzitsi ku Blantyre.

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi malata khumi ndi awiri, wayilesi, ndi msana wowawa. Msanawo anaupatsa dzina loti Kapitawo, chifukwa umafika munthu asanasukusule, umaima kumbuyo kwako, ndipo sumva zoti wadwala. Ukawapatsa moni amayankha kuti, "Ine ndadzuka. Koma Kapitawo wandiyambirira kudzuka." Nyengo ya chiperoni, nkhungu ikatsika ndi kamvula kake kozizira, amamukalipira m'Chilomwe, ati Chichewa sachimva.

Kuchipatala anawajambula n'kuwauza kuti mafupa a m'munsi mwa msana anadyeka ndipo sadzabwerera mwakale. Anawapatsa mapilitsi, n'kuwalangiza kuti aziyenda koma asamanyamule zolemera. Kuima amaima, kuyenda amayenda. Chimene chinawakanika ndi kuwerama. Tsono kumudzi kuno chilichonse chili pansi: moto, mtondo, mkeka, ndiwo zimene.

Ntchito ija inawasiyiranso chinthu china. Tiyi amamudulira kuti alekeze m'chiuno, pamwamba pake posalala ngati tebulo, ndipo wothyola amatenga masamba awiri a pamwamba ndi kansonga kake n'kuponya m'dengu kumbuyo. Manja a a Fainess sanauzidwe kuti ntchito inatha. Akaima pa mpanda wanga wa maluwa kudzacheza, pakamwa pamakhala nkhani koma manja ali kalikiliki: awiri ndi kansonga, awiri ndi kansonga, kenako kuponya kudutsa paphewa, m'dengu loti palibe. Ine ndinkangowasiya. M'mudzi monse muno munalibe mpanda wosalala ngati wanga.

Tsiku lina mu Epulo ndikupita kumjigo, ndinamva mawu kuseri kwa nyumba yawo. Ndinawapeza atawerama pakati pa chinangwa, manja ali m'mawondo, akulankhula ndi nkhuku.

"Amake Triza, mwataya chiyani pansipo?"

"Ndikuwerenga nyerere, amake Suwi. Tabwerani mundiwongole."

Anawerama dzuwa likutuluka kuti athyole chisoso, msana n'kutseka. Pamene ndinkawapeza n'kuti mame atauma. Ndinawawongola pang'onopang'ono, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Sindinauze munthu. Koma mlongo wawo, a Amosi, anationa tikuwongolana ali m'nthochi zawo, ndipo tsiku lomwelo anaimbira foni Triza.

Loweruka Triza anafika. Anakhala pakhonde ndi amayi ake ndi a Amosi, ine n'kuitanidwa ngati mboni.

"Amayi, mukanagwera pamoto bwanji?" anatero Triza. "Sukulu tikatsekera mu Julaye ndikubwera ndi galimoto. Chipinda chilipo."

"Chipinda chija ndikuchidziwa," anayankha a Fainess, amene anakhalako masabata atatu chaka chatha. "Inu mumachoka m'mawa n'kukhoma geti, ine n'kutsala ndi mpando. Ndinakhala pansi mpaka Kapitawo ananenepa. Wondipatsa moni anali galu wa eni nyumba."

A Amosi anakonza kukhosi. Iwo ndi aang'ono kwa a Fainess ndi zaka ziwiri, koma ndi amene amayang'anira mbumba, ndipo amakonda kuti anthu asamaiwale.

"Achemwali, munthu wosatha kudzithyolera ndiwo sakhala yekha. Ndanena ine mwinimbumba."

"Mwinimbumba amene ndinkamupukuta mamina. Chabwino. Mukadzapeza ndiwo zolima ine, zothyola ine, mudzandisiya?"

Triza anayang'ana atsibweni ake. Onse awiri ankadziwa kuti khasu a Fainess analisiya kale.

"Koma osawerama, amayi."

"Osawerama."

Alendo atapita, a Fainess anabwera pa mpanda wanga. Tsiku limenelo sanaseke. Anati, "Amake Suwi, ndikapita kumene kuja ndidzabwerako m'bokosi." Tinaima pomwepo, iwo akudandaula, manja awo akugwira ntchito yawo. Patapita nthawi anasiya kulankhula n'kuyang'ana manjawo.

"Ndaima pano nthawi yaitali bwanji?"

"Ola lakwana."

"Ndipo Kapitawo ali zii. Tsono vuto si msana wanga. Vuto ndi dothi, linapita pansi kwambiri."

Poyamba anapempha ife amayi a Mvano kuti tiwaunjikire dothi lofika m'chiuno. Tinagwira masiku awiri, n'kuunjika milu itatu italiitali m'mbali mwa njira. Titamaliza tinabwerera m'mbuyo kuti tione ntchito yathu. Bambo wina wodutsa anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Posakhalitsa a Amosi anatulukira akuthamanga, chikwanje chili m'manja.

"Mwaika ndani osandiuza?"

Milu ija tinaifafaniza tsiku lomwelo, a Fainess akuseka atagwira m'chiuno, kwinaku akubuula chifukwa kuseka nako kumawapweteka.

Nzeru yachiwiri anaitenga pa thandala loyanikapo mbale. Bambo wina wa kutchalitchi, amene kale ankamanga mashedi a nazale pa esiteti, anawazikira mapolo a bulugama, n'kuyala nsungwi ndi masaka pamwamba, ife n'kuthiramo dothi losakaniza ndi manyowa. Msinkhu wake a Fainess anayeza ndi chiuno chawo. Matebulo analipo anayi. Atatu anafesamo mpiru ndi repu, koma pachinayi mbewu inatha, ndiye ndinawapatsa mbewu ya mbatata ya kudimba kwanga. Analandira mwamphwayi. Anati, "Kholowa? Chabwino, bola pasakhale poyera."

Ndowa sakanaisenza, choncho madzi ankatunga m'mabotolo a malita awiri, limodzi kumanja, lina kumanzere. Kumjigo ankapitako kakhumi pa tsiku. Anthu ankawaseka kuti atsegula golosale ya madzi, koma patatha masabata awiri ankayenda mowongoka kuposa kale, ndipo panalibe nkhani ya m'mudzi muno imene inkawadutsa. Ataona choncho anayamba kukweza zonse. Mbaula inakwera pa njerwa. Mpando anaupatsa miyendo yaitali. Kuchimbudzi anamangako chingwe chogwira podzuka, ndipo ankachionetsa kwa mlendo aliyense, ngakhale abusa.

Ululu sunathe. Masiku ena a chiperoni ankalephera kutuluka mpaka dzuwa litakwera. Tsiku lotero ankathira madzi otentha m'botolo, n'kulibereka kumsana ndi chitenje ngati mwana. Ukawafunsa ankati, "Ndabala ku ukalamba. Koma uyu ndi wabwino, salira."

Pofika kumapeto kwa Juni matebulo anali obiriwira. Mpiru unali ndi masamba anayi, wina asanu. Kunatsala masabata atatu kuti Triza abwere. Ndiye m'mawa wina a Amosi anafika kudzayendera, mbuzi yawo ikuwatsata.

"Achemwali, ichi si dimba. Ili ndi thandala. Tinapangana zolima, osati zoyanika."

"Nanga mbewu ikamera imafunsa kuti ndili pansi kapena pamwamba?"

"Makolo athu sanalimepo m'mwamba."

"Makolo athu sanaimbepo foni ku Blantyre kukanena miseche."

Mkanganowo unatalika. A Fainess anali ataima pa tebulo loyamba, maso ali pa mlongo wawo. Ine ndinali pa mpanda, ndipo ndinaona manja aja akunyamuka okha. Aliyense amadziwa kuti mpiru umathyola masamba a m'munsi n'kusiya mtima kuti uzikula, ndipo a Fainess amadziwa kuposa ine. Koma masamba anali m'chiuno, osalala bwino, ndipo manja anazindikira pamene afika. Awiri ndi kansonga, awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo.

Ndinafuna kulankhula. Koma kulowerera akuluakulu akukangana za m'banja mwawo, ine zimandivuta. Ndinati ndidikire apume. Sanapume. Anayenda tebulo loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi, akuyankha a Amosi mawu ndi mawu, n'kubwereranso kachiwiri kukatola otsala. Pamene ndinkatsokomola mwamphamvu n'kuti patatsala timitengo tokhatokha. Kumbuyo kwawo mbuzi ya a Amosi ndi nkhuku zinali pa phwando.

A Fainess anayang'ana matebulo, anayang'ana manja awo, n'kuyang'ana mbuzi.

A Amosi anaseka mpaka kukhala pansi. "Achemwali, sikelo ili kuti, tikayeze? Lero mwathyola kupitirira tikiti ya tsiku!"

Masana ake ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza atakhala pa mpando wawo wautali uja, manja atawapanira m'khwapa ngati awapatsa chilango. Kufesanso nthawi inali itatha. Ndinawauza kuti kudimba kwanga kuli mpiru wambiri, Triza akamabwera ndikhoza kubweretsa m'beseni, palibe angadziwe.

Anapukusa mutu. "Triza ndinamubala ine. Ndikamunamiza lero, mawa ndikadzamuuza kuti ndili bwino sadzandikhulupiriranso."

Anapitiriza kuthirira, ngakhale panalibe chothirira. Mpiru wina unauma, wina unangoima chiimire. Koma patatha sabata anandiitana mokuwa, ine n'kuthamanga poganiza kuti msana watsekanso. Anali pa tebulo lachinayi. Paliponse pamene anathyola nsonga ya mbatata panali pataphuka nsonga ziwiri.

"Taonani! Uyu ndiye wakwathu. Ukamuthyola amathokoza, ngati tiyi."

Kuyambira pamenepo ankamuthyola mwadala masiku asanu ndi awiri aliwonse, monga amachitira pa esiteti, ndipo kholowa anadzaza tebulo mpaka kulendewera m'mbali.

Triza anafika Loweruka lachitatu la Julaye ndi galimoto ya hayala, yapambuyo poyera. A Amosi anali atabwera kale ndi zingwe zomangira katundu. Triza anaima patsogolo pa matebulo atatu opanda kanthu aja, ndipo amayi ake anamufotokozera okha zonse, osabisa ngakhale za mbuzi. Triza anayesa kuumitsa nkhope, koma zinakanika.

Kenako a Fainess analowa m'nyumba n'kutuluka atabereka kadengu kakang'ono kopepuka. Anati, "Zoponyera nkhuku zinatha." Anaima pa tebulo lachinayi n'kuyamba. Triza anasiya kuseka. Anandinong'oneza kuti chikulireni anali asanaoneko amayi ake ali pa ntchito, ankangowaona akubwera madzulo atanyowa. Manja aja ankathamanga moti sukanatha kuwatsata ndi maso. Kadengu kanadzaza dalaivala asanamalize chikho cha thobwa.

A Fainess anaphika okha, chiimire, pa mbaula yawo ya pa njerwa, n'kutendera ndi nsinjiro. Tinadyera pakhonde.

"Komatu tinapangana mpiru," anatero a Amosi.

"Tinati ndiwo. Ndipo achimwene, apa mukutapa kachitatu."

Triza sanalowerere. Anasamba m'manja n'kusendera pafupi ndi amayi ake.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Ukuwawa?"

"Ukuwawa, mwanangu. Ngakhale pano ukuwawa. Udzawawa kuno, udzawawa ku Blantyre. Koma kuno ukamawawa ndimakhala ndi chochita, ndi womukalipira."

Triza anakhala mowongoka. Kenako anayamba kutchula malamulo ake, ndi mawu aja a m'kalasi. Foni azivala m'khosi pa chingwe, osati kuisunga mu sutikesi. Kuchipatala azipita mwezi uliwonse. Amake Suwi aziwazonda m'mawa uliwonse, ndipo msana ukadzatsekanso, amake Suwi adzaimbe foni, zolumbiritsana zithe. Apa anandiyang'ana ine, ndipo ndinavomera. Pa Khirisimasi adzabweranso kudzaona, ndipo akadzapeza zinthu zitasintha, sipadzakhalanso kukambirana.

"Foni m'khosi ngati belu la ng'ombe?" anafunsa a Fainess.

"Ngati belu la ng'ombe, amayi."

"Chabwino. Koma chingwe ndisankha ndekha."

Zingwe za a Amosi sizinapite pachabe. Anamangira mikoko iwiri ya nthochi ndi thumba la chinangwa, akung'ung'udza kuti masiku ano mwinimbumba salemekezedwa. Triza anakumbatira amayi ake mosamala, m'mapewa mokha, n'kukwera kutsogolo akupukuta m'maso.

Dalaivala analiza injini, n'kusuzumira pawindo. "Nanga agogo aja sakukwera?"

Triza anacheuka. A Fainess anali atanyamula kale mabotolo awo awiri, akulowera kumjigo.

"Tiyeni, bambo," anatero Triza. "Ali pa ntchito."