Nambala Yosagawika ya a Chotsala

Ana a sukulu ankawatchula kuti a Chotsala, chifukwa samu iliyonse yogawa ankaimaliza ndi funso lomwelo: chotsala n'chiyani? Anali bambo wamtali, jekete lawo lotuwa ndi choko m'zigongono, ndipo masamu ankawakonda ngati mmene ena amakondera mpira.

Pamwamba pa bolodi m'kalasi mwawo analembapo ndi penti nambala 1,000,001. Chaka chilichonse ankauza ana atsopano kuti imeneyo ndi yosagawika: palibe nambala ingalowemo osasiya chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Anaiyesa okha ali mnyamata, kugawa ndi 3, ndi 7, ndi 11, mpaka 97, osalowa. Pamenepo anatopa, n'kukhutira. Mwana wotengeka ndi anzake ankamulozera khomalo, amvekere khala ngati iyo, usamagawike.

Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, kunabwera mphunzitsi wachitsikana wodzalowa m'malo mwawo. Tsiku lina ali awiri m'chipinda cha aphunzitsi, mtsikanayo anawapatsira tiyi, kenaka analankhula chapansipansi.

"Pepani bambo, ija ya pakhoma imagawika ndi 101."

A Chotsala anaseka kaye. Kenaka anatenga choko n'kugawa patebulo pomwepo. Inatuluka 9,901, yopanda chotsala. Anabwerezanso, mpaka tiyi anazizira.

Poweruka anadzera ku famase, sitolo ya mankhwala ya mayi wina amene kale anali mwana wanzeru kwambiri m'kalasi mwawo. Ankafuna akamupepese pomuphunzitsa bodza. Mayiyo anamvetsera akupukuta kauntala yoyera kale.

"Tinkadziwa, aphunzitsi. Kalasi yonse inkadziwa."

Anawafotokozera kuti mnzawo wina anaitulukira kalekale, ndipo kuyambira pamenepo ana akuluakulu ankalangiza atsopano kuti asadzayerekeze kuulula, mkuluyu angadwale nazo. Mayiyo ankanena moseka, poganiza kuti akuwatonthoza. A Chotsala anangoti zikomo, n'kutuluka ataiwala chipewa.

Zolakwitsa samuzo akanazimeza. Chimene chinawatsamwa n'chakuti zaka zonsezo ankaima kutsogolo akuloza khoma, ana ali phee, akuwamvera chisoni. Kunyumba akazi awo atamva anati nanga pafa munthu, a bambo ake mwana? Iwo chakudya anangochigwiragwira.

M'mawa mwake anaima pamaso pa kalasi n'kulemba samu yonse pabolodi. Ana anakopera osakweza mitu. Loweruka anabwereka makwerero, nambalayo anaifafaniza okha ndi laimu.

Pa mwambo wotsanzikana, aphunzitsi aakulu anawayamikira kuti anali munthu wosalakwitsa, anthu n'kuomba m'manja. A Chotsala anangoyang'ana nsapato zawo.

Masiku ano amalima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Akakumana ndi ana awo akale pamsewu amapereka moni mwachangu, ngati akuthamangira kwinakwake. Mankhwala awo a shuga, akazi awo ndiwo amakawagulira ku famase kuja.